Mphindi Ziwiri Zimene Anandisenzetsa

Ntchito yanga inali yogwira chingwe. Munthu akalowa m'madzi akuya, wina amatsala pamwamba atagwira chingwe chomangidwa pachifuwa cha wolowayo, maso ali pa wotchi, khutu lili ku komporesa yomwe ikumupopera mpweya. Wotsalayo ndinali ine, kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Wolowa anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, ndipo nthawi zina ankalowa abwana athu.

Kampani yathu inali kachipinda kamodzi ndi bwalo la mafuta okhaokha, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu ku Indasitiriyo. Kwathu ku Mtendere anthu ankatiseka tikanena kuti ndife madaiva. "Mu Lusaka muli nyanja iti? Kapena mumabira mu mgolo?" Komatu munthu akamira m'maenje a miyala ku Misisi, osekawo ndi amene ankabwera kudzagogoda. Ntchito zenizeni zinali kunyanja ya kuchigwa, kum'mwera, ulendo wotsika mapiri kwa maola angapo. Kumeneko tinkachotsa zinyalala m'mapaipi a mapampu ndi kuvuula zombo za kapenta zikamira.

Abwana anali munthu wa kwathu kum'mawa. Ntchitoyi anaiphunzira kumadoko a ku Joni. Tinkadya nawo mbale imodzi, ndipo ankanditchula kuti mkulu wanga ngakhale kuti ndinali wantchito wawo. Ankadziwa kuti sindinapondeko m'kalasi, choncho anandikonzera njira yanga. Pachingwe panali mfundo zitatu zopakidwa penti yofiira. Daiva akamakwera, ndinkamuimitsa pa mfundo iliyonse. Abwana ankawerenga kakhadi kapulasitiki kodzaza manambala, kenako n'kulemba timizere ta choko pagalasi la wotchi yaikulu ya pakhoma yomwe tinkayenda nayo m'bokosi.

"Muvi wautali ukafika apa, mukoke mpaka mfundo inayo. Usanafike, olo akulireni bwanji, osakoka."

Akamaliza kulemba, khadi lija ankandipatsa kuti ndisunge m'thumba la ovolosi. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chomwe munthu amene wamaliza kale ntchito tinkamulendeweza m'madzi ozizira ngati nyambo. Anaseka. "Madzi safuna mlendo wochoka osatsanzika, mkulu wanga." Anathera pomwepo, ine osafunsanso.

Tsiku limene ndikulinenali linali la mwezi wa Okutobala, kuchigwa kukutentha moti chitsulo sichigwirika. Chombo cha kapenta chinali chitamira pamalo akuya kuposa amene tinazolowera. Abwana analowa koyamba m'mawa kukamanga maunyolo. Atatuluka anagona pansi pa tenti, mlamu wanga n'kulowa kukamasula injini. Anakhalitsa pansi. Pokwera ndinamuimitsa pa mfundo yoyamba, yachiwiri, zonse bwinobwino. Pa mfundo yomaliza mphepo inayamba, bwato lathu likugwedezeka, ndipo iye anayamba kugwedeza chingwe kanayikanayi, chizindikiro chakuti ndikwezeni. Anagwedeza, n'kugwedezanso. Ndinkamuona m'madzimo, pafupi kwambiri, akundikodola ndi dzanja. Muvi unali utatsala timizere tiwiri ta mphindi kuti ufike pachoko. Ndinakoka.

Anatuluka akuseka, milomo itayera ndi kuzizidwa. "Alamu, mufuna nimere mamba? Mukazi wanga sanakwatiwe na nsomba." Palibe anaona zimene ndinachita. Tinapalasa kupita kumtunda, tinadya, iye ananyamula nawo masilinda a mpweya kukweza mu vaneti, akuimba. Panapita maola atatu ali bwinobwino.

Kenako panafika dalaivala wa lole ya kapenta, wochokera ku Lusaka. Nthawi imeneyo mafoni a m'manja kunalibe, uthenga unkayenda ndi madalaivala. Anati mlongo wanga wamutuma kuti mwana wadwala kwambiri, bambo wake abwere lero lomwe. Mwanayo anali mmodzi yekhayo, wa zaka zinayi. Mlamu wanga ndi abwana anapita pambali n'kuyamba kulankhula Chingerezi. Ndinaona abwana akupukusa mutu, mlamu akuloza kumsewu, abwana akupukusanso mutu, kenako n'kukweza mapewa. Anabwera kudzandipatsa makiyi.

"Inu pitani. Mukatsitse komporesa ku yadi. Ine ndatopa, ndigona konkuno, ndibwera mawa."

Tinanyamuka dzuwa litangopendeka. Amene anayendapo msewu umenewo akudziwa kuti ukangochoka kunyanja umayamba kukwera, kupindika ndi kukwera, mpaka makutu kutseka. Titakwera phiri loyamba mlamu wanga anayamba kukanda paphewa. Pa lachiwiri anati m'chiuno mwamumanga ngati lamba. Ndinamuseka kuti ndi ukalamba. Nditacheuka ndinaona thukuta likutsika, iye akutsina ntchafu yake ngati akutsina ya munthu wina.

"Alamu, tembenuzani. Titsike."

"Titsike kuti? Chipatala chili kutsogolo."

"Pansi. Bwererani pansi."

Lilime linali litayamba kulemera, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera. Ndinati wayamba kubwebweta. Kunyanja kunalibe dokotala woti angathandize munthu wotere, ndipo kumtunda kunali mwana wake wodwala. Ndinaponda mafuta. Kumbuyo masilinda ankagundana, ndipo pakati pawo panali ya okosijeni. Tinafika mu Lusaka miyendo yake yonse iwiri itafa.

Kuchipatala anachita zimene akanatha. Anatiuza kuti matenda amenewa amafuna chipinda chachitsulo chomwe amatsekeramo munthu n'kupoperamo mpweya kuti thupi likhale ngati labwerera pansi pa madzi, ndipo chipinda chotere panalibe pafupi. Mwana uja tinamupeza akusewera. Mayi ake anati malungo anali atatsika.

Abwana anafika m'mawa mwake, akuyenda ndi miyendo yawo iwiri. Pakhonde la chipatala panali azichimwene ake a mlamu wanga atatu, mlongo wanga, ndi ine. Azichimwenewo ankafuna kudziwa chimene chachitika. Ine ndinali ndisanadye chilichonse kuyambira kunyanja, mphindi ziwiri zija zili pakhosi. Palibe anandifunsa. Ndinayankhula ndekha.

"Ndine. Ndinamukoka muvi usanafike pachoko. Panatsala timizere tiwiri."

Abwana anandiyang'ana, anayang'ana mlongo wanga, kenako anatembenukira kwa azichimwene aja.

"Mwadzimvera nokha. Ine ndinamulembera choko."

Mlongo wanga ankayang'ana simenti.

Ntchito inathera pomwepo. Ndinachoka ndi ovolosi yokha, khadi lija lili m'thumba. Ndinaliika pansi pa sutikesi, ndipo sindinalitaye chifukwa ndinkaona kuti munthu wolakwa sayenera kutaya umboni wa kulakwa kwake. Ndinayamba ulonda pamageti a anthu. Chaka choyamba ndinkapita Lamlungu lililonse kukamunyamula mlamu wanga kuti asambe, chifukwa anali munthu wa thupi ndipo mlongo wanga sakanatha yekha. Sanandinene, komanso sanandimasule. Ndikayamba kupepesa ankati, "Vinachitika, alamu. Thirani madzi kumsana." Kenako azichimwene ake anati sakufuna kuona manja anga pathupi la m'bale wawo, ndipo geti linatsekedwa.

Mlamu wanga anakhala zaka zisanu ndi zinayi pa chikuku. Pamaliro ake ndinakhala kunja kwa mpanda, pamodzi ndi anthu odutsa.

Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Mwana wa mlongo wako akafuna kukwatira, umayenda ndiwe, umalankhula ndiwe. Muphwa wanga uja atakula n'kupeza mkazi, anakatenga mkulu wa mpingo kuti amuimire. Ine ndinamva kwa amayi ogulitsa malasha kuti ukwati unali dzulo. Lero ndi bambo wa ana atatu, ali ndi shopu yowotcherera zitsulo pafupi ndi msika wa Mtendere. Njira yanga yopita kukakwera minibasi imadutsa pomwepo. Akandiona ndikubwera amatsitsa chigoba chake chakumaso n'kuyatsa moto, ngakhale pasakhale chitsulo choti awotcherere. Sindinamuimbepo mlandu. Ndikanakhala iye, nanenso ndikanatsitsa.

Sukulu ndinayamba tsitsi litayera kale, kutchalitchi kwathu, Lachiwiri ndi Lachinayi masana. Tinali azimayi khumi ndi anayi ndi amuna awiri, mnzangayo n'kuthawa mwezi woyamba. Aphunzitsi athu anali mayi wopuma pantchito, amene kale ankaphunzitsa sayansi kusekondale. Chaka choyamba tinaphunzira Chinyanja. Chachiwiri tinayamba Chingerezi, ndipo m'chaka chachitatu anatiuza kuti aliyense abweretse chinthu cha kunyumba cholembedwa Chingerezi, adzawerenge pamaso pa anzake. Ena anabweretsa mabokosi a mankhwala, wina thumba la feteleza. Ine kunyumba kwanga kunalibe cholembedwa china koma khadi lija.

Kutsogolo kwake kunali manambala okhaokha. Kumbuyo kunali mizere isanu ndi umodzi ya zilembo zing'onozing'ono. Zaka zonsezo ndinkaziona ngati nyerere. Tsiku limenelo ndinaima kutsogolo, magalasi pamphuno, ndikuzitola chimodzichimodzi, azimayi akundithandiza ndi kundiseka. Mzere wachinayi ndinauwerenga mpaka kumapeto, ndipo ndinaumva ndekha aphunzitsi asanamasulire. Unkati munthu amene wabira mozama asakwere ndege, ndiponso asayende ulendo wokwera mapiri, mpaka patapita tsiku lathunthu.

Ndinawerenganso. Ndinapempha kukhala pansi.

Anzanga atapita, aphunzitsi anandifunsa chimene chandivuta, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira pachingwe. Anatuma mayi wina amene anali akadali panja kukagula botolo la chakumwa cha gasi pa kantemba. Analiika patebulo lisanatsekulidwe.

"Mukuona thovu, bambo?"

"Ayi."

"Koma mpweya ulimo. Wasungunuka m'madzimo chifukwa wapanikizidwa."

Anandifotokozera kuti mpweya umene timapumawu si chinthu chimodzi. Gawo laling'ono ndi okosijeni, amene thupi limagwiritsa ntchito. Gawo lalikulu, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, ndi nayitirojeni, amene amangolowa ndi kutuluka osagwira ntchito iliyonse. Koma munthu akakhala pansi pa madzi akuya, kulemera kwa madzi kumakankhira nayitirojeni uja m'magazi ndi m'minofu. Akakhalitsa, wochuluka amalowa. Mfundo zanga zija zinali zopatsa mpata mpweyawo kuti utuluke pang'onopang'ono kudzera m'mapapo. Anatsekula botolo pang'ono, linalira, anatsekanso, anatsekulanso pang'ono. Thovu silinakwere.

"Koma ngakhale munthu atatuluka bwino, wina umatsalabe m'thupi kwa maola ambiri. Ndiye kuchigwa mpweya wa kunja ndi wolemera, umakhala ngati chitsekero. Mukamakwera mapiri umapepuka. Lusaka ali pamwamba kwambiri kuyerekeza ndi kunyanjako."

Anakhutchumula botolo n'kutsekula kamodzi. Thovu linasefukira patebulo mpaka kunyowetsa kaundula wawo. Anati thovu lotero likapangika mu msana, limatseka njira ya magazi, miyendo imafa.

Ndinawafunsa za mphindi zanga ziwiri. Sanandinamize.

"Ine si dokotala, komanso sindinalowepo m'madzi. Sindinganene kuti sizinawonjezere kanthu. Koma munthuyo anakhala maola atatu ali bwino, n'kudwalira pamapiri. Ndipo amene analemba khadili anaona kuti mapiri ndi oopsa moti anawapatsa mzere wawowawo."

Mzere wachisanu tinawerengera limodzi. Unkati munthu akayamba zizindikiro, mugonekeni, mupatseni okosijeni, musamukwezenso pamalo okwera. Ndinamva mawu a mlamu wanga m'galimoto muja: titsike. Sankabwebweta. Ankandiuza mankhwala ake, ine ndikuponda mafuta.

Ndili mu minibasi yobwerera, chimene chinkandizungulira m'mutu sichinali thovu. Anali mawu aja akuti ndatopa, ndigona konkuno. Munthu amene ankadya nane mbale imodzi analowa m'madzi omwewo m'mawa womwewo, anasunga miyendo yake kuchigwa, n'kundipatsa makiyi osandiuza liwu limodzi la m'Chinyanja. Akanangoti, mkulu wanga, akayamba kudandaula mubwerere. Ndipo pakhonde paja, nditadzipereka ndekha ngati mbuzi, anandilandira. Ndinafunsa za abwanawo kwa anthu akale a ku Indasitiriyo. Anati anamwalira kalekale, anakaikidwa kumudzi.

Ndinatsala ndi mlongo wanga. Ndinaganiza kuti ndikamutengera uthenga wabwino, woti mlongo wake sanamuphere banja. Ndinachita kusita malaya. Ndinamupeza pakhomo pake akusankha nyemba m'lichero, miyendo itatupa ndi shuga. Sanandithamangitse. Anandikankhira kampando ndi phazi.

Ndinatulutsa khadi, ndinamuwerengera mzere wachinayi, ndinamasulira, ndinayamba kufotokoza za botolo. Sanasiye kusankha nyemba.

"Va mapiri? Nidziwa."

"Udziwa chiyani?"

"Ananiuza atate ake mwana. Chaka chamene chija, tikali ku chipatala. Anati bwana anamuletsa, anati gona kuno, iye anakana chifukwa cha uthenga."

Ndinamufunsa kuti abwereze. Anabwereza, maso ali m'lichero.

"Ndiye iwe unkadziwa pamene ankanditsekera geti?"

"Alongo, imwe munakamba mweka. Palibe anakukakamizani."

"Unkadziwa pamaliro, ine ndili kunja kwa mpanda?"

Apa anaika lichero pansi. Anati mwana sanadwale kwambiri tsiku lija. Linali thupi lotentha chabe. Iye anali atamva kwa akazi a madalaivala kuti mwamuna wake ali ndi mkazi wina kunyanja, wogulitsa nsomba, ndipo anafuna kuona ngati angasiye zonse n'kuthamangira kunyumba. Anathamangadi.

"Mukanafuna nichite bwanji? Azilamu anga aja munawaona. Akanadziwa kuti nine ninamuitana na bodza, akananichotsa mu nyumba ino na mwana ku msana. Mapoto, bedi, malata, vonse. Imwe ndimwe mwamuna, munali na poyambira. Atate ake mwana anati tisiye tero, mlamu ni wolimba mtima, azapirira."

Wolimba mtima. Munthu amene ndinkamuthira madzi kumsana, ndikulira, ankadziwa. Ankandiyang'ana ndikupepesa n'kumati vinachitika.

"Azilamu akowo anatha onse kumwalira," ndinatero. "Nyumba ndi yako. Wakhala ukudikira chiyani?"

"Mwana."

"Mwana ali ndi imvi m'ndevu."

"Anikonda, alongo. Ni yekha ananitsalira. Mufuna adziwe kuti miyendo ya atate ake inapita chifukwa cha nsanje yanga? Lindani nife. Mukaniika, mumuuze vonse."

"Wamkulu ndani, iwe ndi ine?"

Anatolanso lichero lake.

Ndinamuuza kuti ndimupatsa mpaka mvula yoyamba. Amuitane mwana wake, amuuze ndi pakamwa pake, m'mawu amene angasankhe yekha. Za mkazi wa kunyanja atha kuzisiya ngati akufuna, ine sindizifuna. Ndikufuna mapiri okha. Anati ndilibe chisoni. Mwina n'zoona. Chisoni changa ndinachithera pa anthu atatu amene ankadziwa kuwerenga.

Umenewo unali mwezi wa Ogasiti. Ndinagula kope la masamba ambiri n'kuyamba kulemba izi, tsamba limodzi pa tsiku, nthawi zina theka, chifukwa dzanja langa linazolowera chingwe ndi chibonga cha ulonda, osati cholembera. Tsiku lililonse ndinkadutsa pa shopu paja pang'onopang'ono, kuyembekeza kuti mwina lero chigoba sichitsika. Chinkatsika.

Pena ndimadzifunsa ngati sindikuchita zomwe anandichita, kutula katundu wanga pamutu pa munthu wina, mayi wodwala amene anachita mantha ali mtsikana. Ndalingalira zochotsa tsamba la nsanje lija. Koma ndikalichotsa, muphwa wanga adzafunsa chifukwa chimene bambo ake, munthu wodziwa lamulo la mapiri, anakwerera galimoto, ndipo yankho lotsala lidzakhala lakuti anathamangira iye, mwana wodwala. Ndiye kuti katundu uja ndamusenzetsa iyeyo. Zimenezo sindichita. Tsambalo likhala.

Mphindi ziwiri zija nazonso ndazilemba, sindinazibise. Ndinakoka muvi usanafike. Ndinaponda mafuta munthu akundipempha kuti titsike. Zimenezo ndi zanga, ndipo ndidzapita nazo. Koma zinazo si zanga.

Mvula inagwa Lachitatu, yamphamvu, mpaka ngalande za ku msika zinasefukira. Ndadikira masiku atatu owonjezera, kuti mwina matope analetsa mayi ndi mwana wake kuonana. Dzulo ndinadutsa pa shopu, chigoba chinatsika.

Mawa ndi Lamlungu, muphwa wanga amatsekula shopu masana akachoka kutchalitchi. Khadi ndaliika pakati pa kopeli, pa tsamba la botolo, ndipo mzere wachinayi ndaulemba mzere kunsi ndi cholembera chofiira. Iye anaphunzira mpaka giredi thwelofu, sadzavutika nawo ngati ine. Ndikaika kopeli pa benchi yake, pambali pa zitsulo, ndipo ndikaima pomwepo mpaka akweze chigobacho.